Kabati ya amayi anga ndi bizinesi ya Marie Kondo

Patatha sabata zitatu chiikireni maliro a amayi, ine ndi achemwali anga tinatsegula kabati ya pabalaza. Kabati imeneyi tinakula tikuiopa. Munali mbale zagalasi zamaluwa ofiira m'mphepete, makapu a tiyi, ndi matambula asanu ndi limodzi omwe sindikumbukira kuti munthu anamwerapo madzi. Zonsezi zinali za alendo. Alendo ankabwera ndithu, abusa, ankhoswe, amayi a Mvano, koma amayi ankawayang'ana n'kutulutsa mbale za masiku onse. Mlendo woyenera mbale za m'kabati sanafike mpaka amayi anatisiya.

Kuchipinda ndiye kunali ntchito. Pansi pa bedi tinasololamo masutikesi awiri ndi bokosi lachitsulo. Zitenje zokha zinapitirira makumi anayi, za tchalitchi, za maukwati, za zipani zomwe zina zinatha kale, ndipo zingapo zinali zisanalowepo m'madzi. Munali majumbo opindidwa bwinobwino m'kati mwa jumbo linzake, zitini za Blue Band zopanda kanthu, makadi athu a kusikelo, ndi lisiti la wailesi yomwe inasiya kulira Kamuzu akadali pampando. Tinatha masiku atatu osachotsa kanthu. Wina akanyamula duku, nkhani ya dukulo inkayamba, kenako misozi, kenako kukangana kuti amayi ankalikonda kapena ayi.

Tsiku lachinayi kunabwera azakhali. Anayala mkeka pakhonde, n'kukhala pansi atatambalala.

"Ana inu, tutani zovala zonse muunjike apa. Zithunzi ndi makalata musazikhudze lero."

"Koma azakhali, zina n'zoti tisunge."

"Mwanawe, ndakuuza kuti utaye? Ndati unjika."

Kenako ankanyamula chovala chimodzichimodzi n'kufunsa funso lomwelomwelo: "Ichi avala ndani?" Dzuwa lisanalowe zovala zonse zinali zitapeza eni ake. Potsanzikana tinawapatsa shuga paketi imodzi ndi ndalama ya minibasi, iwo n'kuthokoza ngati tawachitira chifundo.

Patapita zaka zingapo, mwana wa mlongo wanga anandionetsa pafoni pake pulogalamu ya Netflix yotchedwa Tidying Up with Marie Kondo, yomwe inayamba kuonetsedwa mu Januwale 2019. Mayi wamng'ono thupi wa ku Japan, womwetulira nthawi zonse, analowa m'nyumba ya banja lina ku America n'kuwauza kuti atulutse zovala zawo zonse aunjike pabedi. Ndinaseka mpaka mwanayo anadabwa. Ndinkaona azakhali anga, kungoti awa anabwera ndi womasulira ndi makamera, ndipo malipiro awo sanali shuga.

Marie Kondo anabadwira ku Tokyo mu 1984. Mwini wake amasimba kuti ali kamtsikana ankakonda magazini a amayi apakhomo, ndipo anzake akatuluka kukasewera iye ankatsala m'kalasi kumasanja mabuku pashelefu. Kunyumba ankataya mobisa katundu wa abale ake yemwe iye ankaona kuti alibe ntchito, mpaka anamugwira n'kumuletsa. Kwathu kuno mwana wotero akanalawa kamkwapulo. Ali ndi zaka 19, akuphunzira pa Tokyo Woman's Christian University, anayamba kulipiritsa anthu powathandiza kulongosola m'nyumba zawo. Anatumikirakonso zaka zisanu pa kachisi wa chipembedzo cha Shinto, ndipo zizindikiro zake zimaoneka: akafika kwa kasitomala amayamba wagwada pansi kupereka moni kwa nyumbayo. Buku lake linatuluka ku Japan mu 2011, lachingerezi mu 2014 ndi mutu wakuti The Life-Changing Magic of Tidying Up, ndipo linagulidwa mamiliyoni. Mu 2015 magazini ya Time inamuika pa mndandanda wake wa anthu 100 otchuka ndi amphamvu padziko. Zonsezi zinachokera pa kupinda malaya.

Njira yake, imene amaitcha KonMari, si yovuta kuimva. Musayambe ndi chipinda, chifukwa katundu amangosamuka kuchoka chipinda ichi kupita chinacho. Yambani ndi mtundu wa katundu, ndipo mutsate ndondomeko: zovala poyamba, kenako mabuku, kenako mapepala, kenako tizinthu tosiyanasiyana ta kukhitchini ndi kubafa timene Ajapani amati komono, ndipo pomaliza penipeni zinthu zachikumbutso. Chilichonse muchigwire m'manja n'kumvetsera ngati mtima ukudumpha ndi chimwemwe. Liwu lachijapani lake ndi tokimeku. Chikadumphitsa mtima musunge, chikapanda kutero muchithokoze chifukwa cha ntchito imene chinagwira n'kuchilola chipite. Zovala zotsalazo muzipinde mwakuti ziziima chilili m'dirowa, zonse zizioneka mukangotsegula.

Za kuthokoza sokosi ndizisiyira eni ake. Chimene chinandigwira mtima ndi ndondomekoyo. N'chifukwa chiyani zithunzi zili kumapeto? Chifukwa kusankha kumatopetsa, ndipo kumafuna kuzolowera. Munthu amene wayamba ndi siketi yothina amaphunzira kunena kuti "iyi ipite" popanda kupweteka kwambiri, ndiye pofika pa kalata ya malemu mtima umakhala utalimbako. Ine ndi achemwali tinayambira kumapeto, n'chifukwa chake tinangokhalira kulira masiku atatu. Azakhali sanawerengepo buku la ku Japan, koma anayendapo maliro ambiri, ndipo ankadziwa kuti zithunzi n'za mawa.

Apa m'pamene pali chinsinsi cha malonda amenewa, ndipo anthu ambiri amachiphonya. Amaganiza kuti wolongosola m'nyumba ndi wantchito wapakhomo wovala bwino. Ayi. Wantchito amasesa, amakolopa, amachapa, koma suti ya malemu bambo anu aipukuta fumbi n'kuibwezera pomwe anaipeza, chaka ndi chaka. Wolongosola naye sataya kanthu payekha. Amakhala nanu pansi, kukufunsani mafunso, kudikira mpaka inu mwini mutagamula, n'kupezera chotsalacho malo ake okhazikika. Chimene kasitomala amagula ndi munthu wapadera wosachita nawo mantha katunduyo, amene sanamudziwe malemuyo, amene sadzakunenani kuchitsime.

Kondo sanayambitse ntchitoyi. Kale mu 1924, mayi wina wa ku America, Lillian Gilbreth, katswiri wokonza kagwiridwe ka ntchito m'mafakitale, anafedwa mwamuna wake amene ankagwira naye ntchito limodzi. Makampani ambiri anabwerera m'mbuyo, osafuna kulangizidwa ndi mkazi. Iye, mayi wobereka ana 12, anatembenukira kukhitchini n'kuyamba kuwerenga mapazi amene mayi amayenda pophika, kuti awachepetse. Anthu akamanena za bini yotsegula poponda ndi phazi komanso mashelefu a pachitseko cha firiji amatchula dzina lake. Mu 1985 amayi asanu a ku Los Angeles amene ankagwira ntchito yolongosola m'nyumba ndi m'maofesi anakhazikitsa bungwe lotchedwa NAPO, lomwe lero lili ndi mamembala masauzande, ochuluka mwa iwo amayi. Ku Japan komweko, Hideko Yamashita anatchukitsa liwu lakuti danshari cha m'ma 2009, kutanthauza kukana zatsopano zosafunika, kutaya zakale ndi kumasula mtima pa katundu. Ndipo mu 2017 gogo wina wa ku Sweden, Margareta Magnusson, anatulutsa buku lolimbikitsa okalamba kuti azichepetsa okha katundu wawo akadali moyo, kuti ana asadzavutike. Ndinaganiza za amayi. Akanati ayambe kugawa zitenje ali moyo, ife tomwe tikanathamanga kukaitana abusa, tikumati amayi akutsanzika.

Nanga ndalama zimachokera pati? Poyamba zimachokera m'maola: kasitomala amalipira pa ola kapena pa tsiku. Koma tsiku lili ndi malire ake, msana nawo umatopa, ndipo munthu mmodzi sangalowe m'nyumba ziwiri nthawi imodzi. Amene akula pa bizinesiyi anapeza njira yogulitsira luso lawo iwo ali kwina. Kondo analemba mabuku, analowa pa kanema, kenako anayamba kuphunzitsa anthu ena njira yake n'kumawapatsa satifiketi pamalipiro, kuti azikagwira ntchito m'maiko awo ndi dzina la KonMari. Mwamuna wake, Takumi Kawahara, ndiye anatenga udindo woyendetsa kampaniyo, banja n'kusamukira ku America. Mu 2019 kampani yaikulu ya ku Japan ya Rakuten inagula gawo lalikulu la bizinesiyo.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho anatsegula sitolo ya pa intaneti, ndipo apa anthu anamuseka. Mayi amene anauza dziko lonse kuti lichepetse katundu tsopano ankagulitsa katundu, kuphatikizapo kachitsulo kolira ndi kamwala konyezimira pa madola 75. Amayi ena awiri, Clea Shearer ndi Joanna Teplin, amene anayamba The Home Edit ku Nashville mu 2015, anapita patali kuposa apo. Iwo anatchuka pa Instagram ndi zithunzi za mashelefu osanjidwa motsata mitundu ya utawaleza, chilichonse m'kabokosi koonekera m'kati kolembedwa dzina. Anapeza pulogalamu yawo pa Netflix mu 2020, mabokosi a dzina lawo anayamba kugulitsidwa m'masitolo akuluakulu, ndipo mu 2022 kampani ya Hello Sunshine, imene anayambitsa katswiri wa mafilimu Reese Witherspoon, inawagula.

Sindiwachitira nsanje. Anaona msika n'kuulowa, ndipo palibe amene amafunsa bambo wogulitsa matayala chifukwa chake akufuna phindu. Koma pa mabokosi aja ndili ndi mawu. Munthu amene katundu wamuchulukira ukamugulitsa mabokosi makumi awiri, wamuwonjezera zinthu makumi awiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Shelefu yojambulidwa lero, bwerani mudzaione Lachisanu ana atabwera kusukulu.

Pali chinanso chimene amayi ochita ntchitoyi amakumana nacho msanga. Munthu salira chifukwa cha malaya. Amalira chifukwa malayawo anagula akuyembekeza ntchito imene sanaipeze, kapena thupi limene silinabwererenso atabereka, kapena banja limene linatha. Wolongosola amalowa m'nyumba kuti asanje wadirobu, n'kupezeka akumvetsera mbiri ya moyo wa munthu. N'chifukwa chake ambiri amawonjezera ntchito yachiwiri, imene Azungu amati life coaching: kulangiza munthu pa zolinga zake, kagwiritsidwe ka nthawi, ndalama, ndi mantha amene amamulepheretsa kuyamba chimene akufuna. Kochi wotere sali ngati wa mpira wokuwa pamzere. Wabwino amafunsa kwambiri kuposa kulankhula, mumagwirizana chochita sabata imeneyo, ndipo mukakumananso amakufunsani ngati mwachita. Bungwe lalikulu la ntchitoyi, International Coaching Federation, linayamba mu 1995, ndipo makochi ochuluka padziko ndi amayi.

Apa ndiye pofunika kutsegula maso. Namwino kapena loya sangagwire ntchito popanda chilolezo cha boma, koma m'maiko ambiri aliyense angadzuke m'mawa n'kudzitcha life coach. Satifiketi za mabungwe zilipo, koma lamulo silikakamiza munthu kukhala nayo. Ndinalipirako semina ina mu hotela ina mumzinda, ya amayi ofuna "kusintha moyo". Tinadya masamusa awiri aliyense, n'kuuzidwa kuti chinsinsi cha kulemera ndi kudzuka 4 koloko m'mawa. Mayi amene ndinakhala naye pafupi, wogulitsa mandasi, anandinong'oneza kuti iye wakhala akudzuka 3 koloko kwa zaka khumi ndi ziwiri. Pomaliza anatiuza kuti tikalipira zina atiphunzitsa kukhala makochi, kuti nafenso tizikaphunzitsa ena kukhala makochi. Bizinesi imene malonda ake okha ndi kupanga ogulitsa ena ndimaithawa.

Kochi woona amadziwanso polekezera. Pali anthu amene kusunga katundu kwawo ndi matenda, oti nyumba imadzaza mpaka posowa pogona koma kutaya ngakhale nyuzipepala yakale kumawazunza. Madokotala a maganizo ku America anaika vutoli m'buku lawo la matenda ngati nthenda yapayokha mu 2013. Munthu wotere, kapena amene ali ndi matenda a nkhawa aakulu, safunika mabokosi kapena mawu olimbikitsa. Afunika chipatala, ndipo mlangizi wachilungamo amanena zimenezo ngakhale ataya kasitomala.

Mwina mukuti zonsezi n'za anthu okhuta a kutsidya kwa nyanja, ife sizitikhudza. Pitani ku msika wa Tsoka ku Lilongwe kapena ku Limbe tsiku lotsegula belo. Pulogalamu ya Kondo itangoyamba mu 2019, masitolo olandira zovala zakale ku America, monga a Goodwill, ananena m'malo ambiri kuti zopereka zachuluka. Masitolo otere sagulitsa zonse. Zotsala zambiri amazigulitsa kwa amalonda amene amazipanikiza m'mabelo n'kuzitumiza kunja, ndipo Africa ndi umodzi mwa misika yake ikuluikulu. Dzina lomwe tinazipatsa limanena zoona kuposa momwe tinkadziwira. Kaunjika amayamba ndi kuunjika pabedi la munthu wina amene mtima wake sunadumphe, n'kudzathera pa mulu wa pamsika pomwe wanga umadumpha ndikapeza jekete la mtengo wabwino. Ndipo ambiri ogulitsa pa miluyo ndi amayi, olipirira ana sukulu ndi zimene ena anazithokoza n'kuzitsanzika.

Funso limene ndakhala ndikulisinkhasinkha ndi lakuti, kodi ntchitoyi ingadyetse munthu kuno? Ndikuona kuti ingathe, makamaka m'matauni. Tili ndi mabanja a anthu asanu ndi mmodzi m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri ku Ndirande kapena ku Area 25, osamuka kawirikawiri landilodi akakweza mtengo. Tili ndi mabanja amene onse awiri amachoka m'mawa n'kubwera usiku. Tili ndi magolosale omwe mwini wake sadziwa kuti sopo watha mpaka kasitomala atafunsa, ndi maofesi omwe fayilo imasowa mwezi wathunthu ili m'chipinda momwemo. Luso nalonso lilipo. Amayi athu ambiri asunga nyumba za anthu ku Johannesburg ndi ku Cape Town kwa zaka, ndipo amadziwa kusanja khitchini kuposa aja a pa Instagram. Ulangizi nawo si wachilendo: anamkungwi, alangizi a kutchalitchi, ndi amayi olankhula pa bridal shower akhala akuphunzitsa kusunga pakhomo kuyambira kale. Chachilendo ndi kutchula mtengo basi.

Koma wobweretsa KonMari kuno osaisintha adzagwa nayo. Funso lakuti "kodi chikundisangalatsa?" ndi la munthu amene akudziwa kuti akachifunanso akagula china mawa. Amayi sankasunga zitini za Blue Band chifukwa zinkawadumphitsa mtima. Ankasunga chifukwa anakhalapo m'zaka zomwe chitini chinali chosungiramo mchere, choyezera ufa, ndi chopatsira mnansi ndiwo. Ndiponso katundu wa m'nyumba ya kuno si wa munthu mmodzi. Diresi lomwe lakuthinani lili kale ndi mwini wake kumudzi, mphika waukulu womwe umangodya malo ndi wa tsiku la maliro kapena chinkhoswe. Akuluakulu anati ukapanda mano usamaswe phale. Funso la azakhali lija, "ichi avala ndani?", ndi limene lingagwire ntchito kuno, chifukwa limatulutsa katundu m'nyumba popanda kumutaya.

Chopinga chachikulu si ndalama ayi, koma chipinda chogona. Kwathu kuno mlendo salowa kuchipinda, ngakhale apongozi amene. Ena amaopa kuti kansalu kawo kakatengedwa kakathera kwa sing'anga, ena amangoopa miseche. Ndiye mayi wofuna kuyamba bizinesiyi mpamba wake weniweni ndi pakamwa potseka. Akangoulula kamodzi zimene anaona pansi pa bedi la munthu, msika wake watha dera lonselo. Nzeru ingakhale kuyambira poyera: kukhitchini, m'sitolo, mu ofesi, kapena pothandiza banja kulongedza ndi kumasula katundu posamuka, kuchipinda n'kudzafika anthu atamudziwa.

Chopinga china ndi manyazi, ndipo amagwera mkazi yekha. Bambo akaitana makaniko palibe amene amati ndi wolephera. Mayi akaitana mnzake kuti amuthandize kulongosola m'nyumba, mawa zamveka kuti uje ndi waulesi, sanalangizidwe. Pa ichi Kondo mwiniyo anatithandiza mosayembekezera. Atabereka mwana wachitatu mu 2021, anavomera poyera kumayambiriro kwa 2023 kuti nyumba yake tsopano imakhala yosalongosoka, ndipo wasankha kucheza ndi ana m'malo molimbana nayo. Ena anakwiya ngati awabera. Ine ndinamukhulupirira koyamba tsiku limenelo. Ngati mayi wolemera, wodziwa kupinda malaya kuposa wina aliyense, wagonja kwa ana atatu, wa ku Chilinde wotunga madzi pa kiyosiki asadzione wolephera.

Khirisimasi yapitayi ndinapita kukaona azakhali, ndipo ndinawaonetsa pafoni mayi wa ku Japan uja akuunjikitsa anthu zovala. Anayang'anitsitsa kwa nthawi, n'kufunsa kuti anthuwo afedwa ndani. Nditawauza kuti palibe maliro, ndipo mayiyo amalipidwa, anagwira pakamwa.

"Nanga inu azakhali, tsiku lija mukanatilipiritsa zingati?"

"Iwe, m'bale salipiritsa pamaliro." Anakhala chete pang'ono. "Koma aja a kutsidya kwa msewu anandiitana kawiri chaka chatha. Nawonso anandipatsa shuga."

Amayi amene muli ndi dzanja ngati la azakhali anga, amene anthu amakuitanani akasamuka, akakwatitsa kapena nyumba ikawakanika: kwa abale ndi pamaliro chitani monga mwa mwambo. Kwa ena onsewo, tchulani mtengo wanu musanavule nsapato pakhomo.